Foni Ndinagula Ndekha, Koma Makiyi Ali ndi Ndani?

Mkangano wa iPhone ndi Android sutha pakati pa ophunzira. Wina amatama kamera, wina batire, wina amangoti zonsezo n'zabwino koma tione mtengo. Pali kagulu kena kochepa komwe funso lawo limakhala losiyana ndi la anzawo: kodi foniyi imatheka kuitsegula? Sakunena za pasiwedi ya pa sikirini ayi. Akunena za maloko amene kampani inaika mkati mwa foni kuti mwiniwake asasinthe pulogalamu yaikulu yoyendetsa foniyo. Pa iPhone kuthyola malokowa amati jailbreak. Pa Android amati kupeza root, kapena kutsegula bootloader, komwe ndi kapulogalamu koyamba kudzuka foni ikayatsidwa, kamene kamasankha ngati pulogalamu yaikulu ili yololedwa kuyamba kugwira ntchito kapena ayi.

Poyamba ndinkaona ngati zimenezi ndi masewera a anyamata ofuna kudzionetsa kuti amadziwa makompyuta. Nditayamba kutsatira mbiri yake ndinasintha maganizo. Nkhaniyi ndi yakale kuposa foni za m'manja, ndipo pansi pake pali funso limene aliyense wophunzira mbiri kapena malamulo amalidziwa bwino: munthu akagula chinthu, kodi wagula chiyani kwenikweni?

Kale foni inali yobwereka

Kwa zaka zambiri za m'ma 1900, anthu a ku America sankagula foni ya m'nyumba. Ankaibwereka kwa kampani ya AT&T, yomwe inali mwini wa mawaya, mwini wa malo olumikizira mafoni, komanso mwini wa fakitale ya Western Electric imene inkapanga mafoniwo. Malamulo a kampaniyi ankaletsa kulumikiza kapena kumata chilichonse chachilendo pa foni, ponena kuti chikhoza kuwononga netiweki.

Lamuloli linafika poseketsa pa nkhani ya Hush-A-Phone. Kanali kachinthu kooneka ngati kapu, kopanda waya kapena magetsi, kamene munthu ankaveka pakamwa pa foni kuti oyandikana naye asamve zimene akulankhula. AT&T inakaletsa, ndipo bungwe loyang'anira zamauthenga la FCC linagwirizana nayo. Mu 1956 bwalo la apilo linasintha chigamulocho ponena kuti munthu ali ndi ufulu wogwiritsa ntchito foni m'njira yomupindulira iye mwini malinga ngati sakuvulaza ena. Mu 1968 FCC inapitiriza pomwepo pa mlandu wa Carterfone, chipangizo cha Thomas Carter cholumikiza wailesi ya mauthenga ndi lamya. Kuchokera apo makampani ena anayamba kugulitsa momasuka makina oyankha foni, makina a fax ndi ma modem. Intaneti ya m'nyumba ya m'ma 1990 inadutsa pakhomo limene milandu iwiriyi inatsegula.

Panalinso ena amene sanadikire makhothi. Iwo anazindikira kuti netiweki ya AT&T inkalamulidwa ndi kulira kwa mawu, ndipo kulira kwa 2600 Hz kunkapusitsa makina kuti munthu aimbe foni yakutali osalipira. Mu October 1971 magazini ya Esquire inalemba za kabokosi kotulutsa mawu amenewa, kotchedwa blue box. Mnyamata wina wa ku California, Steve Wozniak, atawerenga nkhaniyo anapanga kake, ndipo mnzake Steve Jobs anamuthandiza kugulitsa timabokosito kwa ophunzira. Kumeneku kunali kuba, tisabise. Koma n'zoyenera kukumbukira kuti awiri mwa anthu amene anayambitsa Apple mu 1976 anayamba malonda awo pothyola maloko a kampani ya mafoni.

2007: iPhone yokhala ndi maloko awiri

iPhone yoyamba inayamba kugulitsidwa pa 29 June 2007. Inali ndi maloko awiri osiyana, ndipo ndi bwino kuwasiyanitsa chifukwa anthu ambiri amawasokoneza. Loko woyamba anali wa netiweki: ku America foniyi inkalandira SIM khadi ya AT&T yokha. Loko wachiwiri anali wa mapulogalamu: munthu sankatha kuikamo pulogalamu iliyonse kupatula imene Apple inaikamo kale. App Store kunalibe. Jobs ankauza opanga mapulogalamu kuti azingopanga masamba a pa intaneti otsegulidwa mu Safari.

Maloko onse awiri sanakhalitse. Mu August 2007 George Hotz, mnyamata wa zaka 17 wa ku New Jersey, anatsegula iPhone ndi kuwotcherera timawaya mkati mwake mpaka inalandira SIM khadi ya T-Mobile. Foni ina imene anaitsegula anaisinthanitsa ndi galimoto ya Nissan 350Z ndi ma iPhone atatu. Ena anathyola loko wa mapulogalamu, ndipo chakacho chisanathe kunali kale kapulogalamu ka Installer kamene anthu ankapezerapo masewera ndi zida zina zimene Apple sinavomereze. Apple inayankha mu September ndi pulogalamu yatsopano ya 1.1.1, yomwe inasiya mafoni ena otsegulidwa ali osagwira ntchito. Mwezi womwewo, ali ku London, Jobs anafanizira kulimbanaku ndi masewera a mphaka ndi khoswe.

Kumayambiriro kwa 2008 Jay Freeman, wodziwika ndi dzina loti saurik, anatulutsa Cydia, sitolo ya mapulogalamu a ma iPhone otsegulidwa. Dzinali analitenga ku kagulugufe kotchedwa Cydia pomonella, kamene mbozi yake imaboola zipatso za maapulo. App Store ya Apple inatsegulidwa mu July 2008 ndi mapulogalamu pafupifupi 500. Choncho pa mbiri ya iPhone, msika wosavomerezeka ndi umene unayamba, wovomerezeka n'kubwera pambuyo.

2008: Android, yotseguka koma osati kwenikweni

Android inabwera ndi lonjezo losiyana. Google inagula kakampani ka Andy Rubin ndi anzake mu 2005, ndipo mu November 2007 inalengeza kuti pulogalamuyi idzakhala yotseguka kwa aliyense. Maziko ake ndi Linux, imene Linus Torvalds anaiyamba mu 1991 ali wophunzira ku Helsinki. Linux imagawidwa pa layisensi ya GPL, yomwe imakakamiza aliyense woigawa kuti aperekenso malembo ake oyambirira kuti ena athe kuwawerenga ndi kuwasintha.

Apa pali kampata kamene makampani anakaona msanga. Mtundu wachiwiri wa GPL, umene Linux imagwiritsa ntchito, umalamula kupereka malembo koma sulamula kuti chipangizocho chivomere pulogalamu imene mwaisintha. Kampani ikhoza kukupatsani malembo onse n'kukiya bootloader, inu n'kutsala ndi mapulani a nyumba koma chitseko chili chokhoma. Mtundu wachitatu wa GPL, wa mu 2007, unalembedwa kuti utseke kampata kameneka, koma Linux inakhalabe pa wachiwiri.

Foni yoyamba ya Android, HTC Dream, yomwe ku America inkatchedwa T-Mobile G1, inatuluka mu October 2008. Inali ndi cholakwika chodabwitsa: chilichonse chimene munthu ankalemba pa mabatani ake chinkapitanso mwakachetechete ku gawo la foni lokhala ndi mphamvu zonse. Munthu akalemba mawu oti reboot n'kudina batani lotumiza, foni inkazima n'kuyakanso. Google inakonza vutoli mwachangu, koma anthu anali atalowa kale.

Pa XDA Developers, malo a pa intaneti amene okonda mafoni ankasonkhanapo, panayamba kutuluka mitundu ya Android yokonzedwa ndi anthu wamba, imene amaitcha ma ROM. Wotchuka kwambiri anali CyanogenMod, amene anayamba mu 2009. Mu September chaka chomwecho maloya a Google analembera wopanga wake kalata yomuletsa kuphatikizamo Gmail, Maps ndi sitolo ya mapulogalamu, chifukwa zimenezo sizinali mbali ya Android yotseguka. Tsiku limenelo anthu anaphunzira kuti Android ili pawiri: pali maziko a aliyense, ndipo pamwamba pake pali katundu wa Google amene anthu ambiri sangakhale popanda iye.

Komabe zaka zotsatira zinali nthawi ya zokolola kwa otsegula mafoni. Nexus One ya Google, ya mu January 2010, inkalola mwiniwake kutsegula bootloader ndi lamulo limodzi lolembedwa pa kompyuta. Mu May 2011, makasitomala atadandaula kwambiri pa Facebook, mkulu wa HTC, Peter Chou, analengeza kuti kampaniyo isiya kukiya ma bootloader. Ku China, Xiaomi inayamba mu 2010 isanapange foni ngakhale imodzi: chinthu chake choyamba chinali MIUI, ROM yoikidwa pa mafoni a makampani ena. OnePlus One ya mu 2014 inkagulitsidwa ili kale ndi CyanogenMod mkati.

Zimene lamulo linanena

Pamene zonsezi zinkachitika, ku America kunali lamulo la mu 1998 lotchedwa DMCA. Gawo 1201 la lamuloli limaletsa kuthyola loko woteteza zinthu zokhala ndi umwini wa mlembi, ndipo pulogalamu ya mufoni ndi chimodzi mwa zinthu zotere. Lamuloli linalembedwa poganizira oba nyimbo ndi mafilimu, koma mawu ake ankakhudzanso munthu wotsegula foni imene anaigula ndi ndalama zake.

Zaka zitatu zilizonse mkulu wa Library of Congress amaloledwa kupatula zochita zina kuti zisakhale mlandu. Mu 2006 anapatula kutsegula foni kuti ilandire SIM khadi ya netiweki ina. Mu July 2010, bungwe la Electronic Frontier Foundation litapempha ndipo Apple itatsutsa, anapatulanso jailbreak. Koma ufulu woperekedwa kwa zaka zitatu umatha kulandidwa. Mu 2012 chilolezo chotsegula loko wa netiweki sichinapitirizidwe pa mafoni atsopano, ndipo kuyambira January 2013 kuchita zimenezo kunakhalanso kosaloledwa. Anthu oposa 100,000 anasaina chikalata chodandaula ku White House, nyumba ya malamulo inachitapo kanthu, ndipo pa 1 August 2014 Barack Obama anasaina lamulo lobwezeretsa ufuluwo.

Wina akhoza kuganiza kuti nkhani inathera pamenepo, otsegula mafoni atapambana. Koma taonani bwino zimene lamulo linapereka. Linati simudzaimbidwa mlandu mukathyola loko. Silinati kampani ikupatseni kiyi, ndipo silinaletse kampani kupanga loko wolimba kuposa woyamba.

Mmene chitseko chinatsekekera pang'onopang'ono

Mu February 2013 jailbreak yotchedwa evasi0n inaikidwa pa zipangizo mamiliyoni angapo m'masiku ochepa chabe. Lero ndi anthu ochepa amene amaganizako zotsegula iPhone yatsopano. Ndikuona zifukwa zitatu.

Choyamba, makampani anatengera nzeru za otsegulawo. Anthu a jailbreak anali ndi njira yokopera ndi kumata mawu Apple isanaibweretse mu 2009. Anali ndi SBSettings, kachitseko kozimitsira Wi-Fi ndi Bluetooth mwachangu, zaka zingapo Control Center isanafike mu iOS 7 mu 2013. Makampani anatenganso anthu enieniwo. Nicholas Allegra, amene anapanga JailbreakMe ya mu 2010 yomwe inkatsegula iPhone pongolowa patsamba la intaneti, anapita kukaphunzira ntchito ku Apple mu 2011. John Wu, wopanga Magisk, chida chodziwika kwambiri chopezera root pa Android, analembedwa ntchito m'gulu la chitetezo cha Android ku Google mu 2021. Zimene munthu ankazipeza pothyola loko zitayamba kubwera zili kale mufoni, chifukwa chothyolera chinachepa.

Chachiwiri, zoopsa zinali zenizeni, ndipo okonda kutsegula mafoni sayenera kuzikana. Mu November 2009 kachilombo ka ikee kanafalikira ku Australia pa ma iPhone otsegulidwa amene eni ake sanasinthe pasiwedi yobwera nayo, yomwe inali yofanana pa mafoni onse. Kameneko kankangosintha chithunzi cha pa sikirini n'kuikapo woimba Rick Astley. Mu 2015 akatswiri a Palo Alto Networks anaulula za KeyRaider, yomwe inaba ma akaunti a Apple oposa 225,000 pa mafoni a jailbreak. Bowo limene mwini foni amalowerapo ndi lomwelo limene wakuba amalowerapo. N'chifukwa chake kutsegula bootloader pa Android kumafufuta zonse zili mufoni: cholinga n'chakuti wotola foni ya mwini asathe kuwerenga zinsinsi zake.

Chachitatu, ndipo ichi ndicho chachikulu, loko anasamuka. Kale ankaletsa kulowa. Tsopano mukhoza kulowa, koma foni imakunenezani. Samsung inaika m'mafoni ake fyuzi yaing'ono ya Knox imene imapsa kamodzi kokha munthu akaikamo pulogalamu yosavomerezeka, ndipo ikapsa zinthu monga Secure Folder ndi njira yake yolipirira ndalama sizibwereranso ngakhale mutabwezeretsa zonse mwakale. Google inapanga SafetyNet, kenako Play Integrity, njira imene pulogalamu iliyonse imafunsira ngati foni ili mmene kampani inaisiyira. Mapulogalamu ambiri a mabanki akamva kuti foni inatsegulidwa amakana kugwira ntchito. Palibe wapolisi amene akubwera kudzakumangani. Mwangotsala kunja kwa banki yanu.

Makampani ena anangobisa makiyi. Huawei inasiya kupereka manambala otsegulira bootloader mu 2018. Kampani ya Cyanogen inatseka ntchito zake kumapeto kwa 2016, ngakhale anthu odzipereka anapitiriza ntchitoyo pansi pa dzina la LineageOS. Sitolo ya Cydia inasiya kugulitsa mapulogalamu mu December 2018. Chodabwitsa n'chakuti GrapheneOS, imene anthu ofuna kutalikirana ndi Google amaikonda, imadalira mafoni a Pixel a Google yemweyo, chifukwa ndi amene amalola kutsegula bootloader, kuikamo pulogalamu ina, n'kukiyanso bwinobwino. Ndipo pamene Apple inalola masitolo ena a mapulogalamu pa iPhone mu March 2024, sanaikakamize ndi anyamata a mawaya ayi. Linali lamulo la European Union la Digital Markets Act, ndipo chilolezocho chinali cha mayiko a kumeneko.

Nanga zikutikhudza bwanji ife?

Mbiri yonseyi inachitikira ku America, ku Ulaya ndi ku China, koma mafoni ake amathera m'matumba mwathu. Ambiri mwa ife tinagwirapo foni yotumizidwa ndi m'bale wa ku Joni kapena ku UK, n'kupeza kuti ikukana SIM khadi ya kuno, kapena ikufunsa akaunti ya mwini wake woyamba. Loko wachiwiriyu Apple inamubweretsa mu 2013 ndipo Android mu 2015 pofuna kugwetsa ulesi akuba mafoni. Akuba amawalepheretsadi, komanso amalepheretsa munthu amene anagula foni yakale mwachilungamo koma wogulitsa anaiwala kuchotsa akaunti yake. Anyamata oflasha mafoni m'misika ya ku Limbe ndi ku Lilongwe akugwira ntchito yofanana ndi imene Hotz anagwira, ngakhale palibe amene adzawapatse galimoto.

Nkhani yaikulu kwa ife ndi ya moyo wa foni. Google inalonjeza zaka 7 za mapulogalamu atsopano pa Pixel 8 mu 2023, ndipo Samsung inachitanso chimodzimodzi pa Galaxy S24 mu 2024. Amenewo ndi mafoni odula. Mafoni otchipa amene ophunzira ambiri timakwanitsa amasiyidwa msanga kwambiri. Kampani ikasiya kutumiza zokonza, foni imakhala ikuyakabe, sikirini ili bwino, koma mabowo achitetezo sakutsekedwanso ndipo pakapita nthawi mapulogalamu ofunika amayamba kuikana. Ngati bootloader yake imatsegulidwa ndipo pali anthu amene anaikonzera ROM, foniyo ikhoza kulandira Android yatsopano n'kutumikira zaka zina. Ngati siitsegulidwa, tsiku la imfa yake linalembedwa mu ofesi ina kutali, ndi anthu amene amapindula inu mukagula ina. Kwa munthu wosintha foni chaka ndi chaka zimenezi n'zachabe. Kwa munthu amene anasunga ndalama miyezi yambiri kuti aigule si zachabe.

Palinso mafoni a ngongole amene afala mu Africa muno, omwe amadzikiya okha munthu akalephera kulipira gawo la ngongole. Njirayi yathandiza anthu ambiri kukhala ndi foni yamakono amene sakanaikwanitsa pa ndalama imodzi, ndipo wokongoza ali ndi ufulu woteteza katundu wake. Koma ikutionetsa poyera chimene chili chobisika m'mafoni ena onse: pali munthu wina kutali amene mawu ake foni imawamvera kuposa anu. Pamenepa tabwerera pafupi kwambiri ndi foni yobwereka ya AT&T.

Sindikulimbikitsa aliyense kuti usiku uno atsegule foni imene amasungirapo ndalama ndi zolemba za kusukulu. Safunsa anadya phula, ndipo amene amatsatira malangizo a foni ya mtundu wina nthawi zambiri amatsala ndi chidutswa cha galasi chosayaka. Kwa anthu ambiri foni yokiyidwa yomwe ikulandirabe zokonza ndi yotetezeka kuposa yotsegulidwa mosasamala. Amene wasankha iPhone chifukwa chakuti safuna kuvutika ndi zamkati sanalakwitse, bola adziwe kuti wasankha kukhala m'nyumba yabwino imene makiyi ake ena amasunga ndi eni ake. Amene wasankha Android asanamizidwe ndi mawu oti ndi yotseguka, chifukwa kutseguka kwake kumadalira kampani ndi mtundu weniweni wa foniyo.

Chimene ndikunena n'chakuti pa mafunso amene timafunsa pogula foni tiwonjezere awiri. Kodi kampaniyi idzatumiza zokonza kwa zaka zingati? Ndipo ikadzasiya, kodi idzandilola kutsegula foniyo kuti ndidzionere ndekha? Funso lachiwirili ndi lofunika ngakhale kwa munthu amene sadzatsegulapo foni moyo wake wonse, chifukwa yankho lake ndi limene lidzasankhe ngati foniyo idzapite kwa mng'ono wake kapena kudzala.

Mu 1956 oweruza anati munthu achite zomupindulira ndi foni malinga ngati sakuvulaza ena. Mfundo imeneyi inanenedwa pa foni imene munthuyo sanali mwini wake n'komwe. Ife amene tinalipira mtengo wonse, risiti ili m'manja, sitiyenera kupempha zochepa kuposa pamenepo.